Khutu la Makaniko ndi Mthuthuthu wa ku Chiradzulu

Za zipewa, ziphaso ndi ngozi za akabaza mwazimva pa wailesi iliyonse. Lero tizisiye. Tikambe za dzanzi, lija limagwira zala za mnyamata amene wathamanga tsiku lonse kuchoka pa Njuli kupita pa Boma, kutsikira ku Namitambo, kubwereranso. Madzulo akakhala pa mphasa, mbamu ya nsima imamuvuta kuumba. Nkhaniyi palibe amaikamba.

Njinga zamoto zambiri za pa siteji, za ma 125 ndi ma 150 zija, zili ndi pisitoni imodzi yokha. Zambiri zinatengera injini ya Honda CG125 ya m'zaka za m'ma 1970: yolimba, yosavuta kukonza, koma yonjenjemera mwachibadwa. Injini ikazungulira ka 5,000 pa mphindi, petulo amaphulika ka 2,500 m'katimo, ndipo kugunda konseko kumathera m'mahandulo, m'mapazi ndi pamsana. Kuchotseratu sikutheka. Kuchepetsa n'kotheka.

Tsono tiyeni pansi pa mtengo wa mango, pamene makaniko wayala masipanala pa thumba. Onani zimene amachita asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe. Amaliza njinga, n'kuisiya ikulira yokha. Amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchitsamiritsa pa khutu. Amatsinzina. Mukamulankhula sayankha, amangokweza chala. Amasuntha nsonga ija pang'ono, kumutu kwa injini, kumvetsera. Kuitsitsa m'munsi, kumvetseranso. Kubwerera pamwamba pomwe paja, ngati wakayika. Kukakhala kuti tiki-tiki-tiki kumutu, ndiye matapeti atalikirana. Amadikira injini izizire, ndipo sathamangira, poti chitsulo chotentha chimanamiza muyeso. Kukakhala kugogoda kwa pansipansi, nkhope imasintha, chifukwa pamenepo ndi mabering'i, ndipo ndalama yake si ya lero. Kenako amaika dzanja pa thanki, kuwonjezera moto pang'onopang'ono, kufuna kudziwa pamene kunjenjemera kukuyambira. Mwini njinga kumbaliku akuponda-ponda, akuona anzake akunyamula makasitomala. Mkuluyo osatekeseka. Akumvabe.

Kawirikawiri vuto limakhala lotchipa mpaka kuchititsa manyazi. Mabawuti ogwira injini akhwepa ndi mabampu a misewu ya fumbi ya kwa Kadewere ndi kwa Nkalo. Tcheni chauma, kapena chamangidwa mopitirira, pamene chimafunika kusewera masentimita 2 kapena 3. Timphira ta m'kati mwa tayala la kumbuyo tatha. Masipoko alekana, limu yapindika. Oyilo wada bii, wakhalamo kuyambira mvula yatha.



Phokoso lina n'lochita kufuna. Alipo anyamata amaboola ekizozi kapena kuchotsa cha m'kati mwake kuti pa Mbulumbuzi onse atembenuke. Liwiro siliwonjezeka kwenikweni. Chimachepa ndi kumva. Akatswiri amati phokoso loposa madesibelo 85, maola 8 pa tsiku, limagonthetsa makutu pang'onopang'ono, ndipo akagontha sabwerera.

Komabe ife sitifulumira kumuloza chala mnyamata amene sakonzetsa njinga. Njinga nthawi zambiri si yake. Bwana akudikira ndalama yake madzulo, petulo wakwera, ndiye ola limodzi kwa makaniko ndi ndiwo za ana zapita.

Choncho inu mabwana eni njinga, mukamawerenga ndalama, gwiraniko mahandulo injini ikulira, mumve chimene mwana wa mnzanu amamva kuyambira m'bandakucha. Mupatseniko theka la tsiku pa mwezi akamangitse mabawuti, osamudula. A TEVETA, oyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, amakaniko a pansi pa mitengowa akukalamba, ndipo za khutuzi sizili m'buku lililonse. Apezeni pa Namadzi, pa Thumbwe, pa Nguludi, muwapatse ana oti aphunzitse. Nanunso achimwene a pa siteji, zala zikayamba kuchita dzanzi usiku, musangozipukusa. Pitani kuchipatala cha pa Boma akakuoneni.