Chilengezo chisamamire m'gulu: nazi njira zomwe ndayesa

Mwezi watha ndinaponya uthenga pa gulu la WhatsApp la m'dera lathu kuti Loweruka kuli msonkhano wokambirana za mjigo womwe unawonongeka. Pasanathe ola limodzi, uthengawo unali utakwiriridwa ndi masitika, mavesi a m'mawa ndi mkangano wa mpira. Loweruka litafika tinangopezeka anthu ochepa, mjigo nkukhalabe chomwecho. Apa ndi pomwe ndinayamba kufufuza njira yabwino yolengezera zinthu sabata ndi sabata.

Tiyambe ndi WhatsApp, poti ndi yomwe ambirife timakwanitsa bandulo yake. Gulu limodzi limalola anthu 1,024. Ngati ndinu adimini, tsegulani gulu lina lapadera la zilengezo, musankhe kuti otumiza akhale ma adimini okha. Macheza azipita ku gulu lakale. Uthenga ofunika mutha kuupina pamwamba kwa maola 24, masiku 7 kapena 30. Broadcast nayo ilipo, koma imatenga anthu 256 basi, ndipo amene sanasunge nambala yanu salandira kanthu. Channel ndi yabwino pofalitsa, chifukwa okutsatirani saona nambala yanu, koma iwo sangayankhe ndi mawu.

Chenjezo aise: osakopeka ndi ma WhatsApp osavomerezeka ngati GBWhatsApp chifukwa choti akuti amatumiza okha uthenga. Akaunti yanu itha kutsekedwa, ndiye gulu lonse lasowa adimini.

Ngati mukufuna kulemba lero uthenga utuluke mawa 6 koloko, Telegram imatha zimenezo: mumakanikiza batani lotumizira kwa kanthawi, nkusankha nthawi. Gulu lake limafika anthu 200,000. Vuto lake ndi loti azakhali anu ogulitsa tomato pamsika mwina alibe Telegram. Pa peji ya Facebook, Meta Business Suite imakulolani kukonza mapositi a sabata yonse pa ulendo umodzi, zomwe zimathandiza magetsi akamavuta. Koma dziwani kuti Facebook saonetsa positi yanu kwa aliyense amene amakutsatirani.

Ine ndasankha chonchi: zadzidzidzi, monga maliro kapena mwana wosowa, zimapita pa gulu la zilengezo la WhatsApp. Zokhazikika ndimazikonza Lamlungu madzulo pa Facebook.

Komabe pulogalamu payokha siyithandiza ngati kalembedwe kali kosokonekera. Mzere oyamba unene chani, liti, kuti. Lembani deti lenileni, osati "mawa", chifukwa uthenga ukamafowadidwa "mawa" lija limasuntha. Lembani ndi mawu, osangoponya chithunzi cha positala, poti ena data yawo siyilola kudawunilodi zithunzi. Ndipo musanatumize za maliro, yambani mwafunsa achibale.

Msonkhano wa mjigo tauitananso Loweruka likudzali. Ulendo uno uthenga ndaupina.