Mmene Mphunzitsi Wophunzira Ntchito Amaonera Ana Ake

Ophunzira ntchito yauphunzitsi akatumizidwa kukayeserera m'sukulu za m'boma la Ntcheu, sipapita masabata aŵiri asanagaŵe kalasi patatu: ana anzeru, apakatikati ndi amene amawatcha mbuli. Tiyeni tione kumene kugaŵa kotereku kumachokera ndi kumene kumatifikitsa.

Choyamba ndi kuchuluka kwa ana. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiŵerengero cha ana m'sukulu za Malaŵi chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'kalasi lodzaza, mphunzitsi watsopano amadziŵa msanga ana okhala kutsogolo ndi okonda kukweza mkono. Ena onse amangowaona ngati gulu.

Chachiŵiri ndi kusadziŵa moyo wa mwana kunyumba. Mnyamata wa ku Tsangano amene akusinza m'kalasi mwina wachita kulaŵirira kukakumba mbatatesi. Mtsikana amene akulephera samu za pabolodi mwina ndi yemweyo amene amabweza chenji mosaphonya pamsika wa Lizulu. Nayenso mwana wozolika poyankhula ndi mphunzitsi akungotsata ulemu umene makolo adamphunzitsa. Si umbuli ayi.

Kuopsa kwake n'kwakuti chimene mphunzitsi amayembekeza chimasintha mmene amaphunzitsira. Mu 1968, Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson a ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo adauza aphunzitsi kuti ana ena adzapita patsogolo kwambiri chaka chimenecho, chikhalirecho anawo adangosankhidwa mwamaere. Pakutha pa chaka, anawo, makamaka a m'makalasi oyambirira, adaposadi anzawo. Mwana amene timamkhulupirira timamfunsa kaŵirikaŵiri, timamdikira ndi kumthandiza akakakamira. Amene tidamtaya timamdumpha, ndipo iye amazindikira, nayamba kujomba.

Nanga tichitenji? Wophunzira ntchito aloŵeze maina a ana onse m'mwezi woyamba. Azichonga m'kaundula dzina la mwana aliyense amene wamfunsa, kuti Lachisanu aone amene sadawafunseko. Polemba za mwana, alembe chimene chamvuta, monga "sanathe kuchotsera kobwereka", osati "ndi wopanda nzeru". Poti vuto lotchulidwa limapezeka ndi mankhwala ake, pamene dzina lonyoza limangomatirira.

Ifenso alangizi, pokayendera ophunzira athu, tisamangoyang'ana mapulani a phunziro ndi kalembedwe ka pabolodi. Tiziwafunsanso za mwana wokhala kumbuyo kwenikweni: dzina lake ndani, amachokera mudzi uti, ndipo n'chiyani chimene amachita bwino? Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo mawuŵa akunena mwana ndi mphunzitsi yemwe.