Kuongola Gudumu la Njinga Lopotoka

Kwa inu alimi a pa Chonde ndi midzi yozungulira, ndi kwa inu mafumu ndi nyakwawa.

Njinga ndiyo ngolo ya mlimi wa kuno. Ndiyo isenza nandolo, chinangwa ndi mbatata kunka nazo ku msika wa pa Chonde kapena ku Luchenza, ndiyo itenga feteleza nyengo ya kudzala, ndiponso ndiyo inyamula wodwala usiku kunka naye ku chipatala. Koma taimani pa mseu wa ku Mulanje tsiku la msika, mupenye njinga zirikupita. Zambiri gudumu la m'mbuyo lidzandira ngati munthu wochokera ku mowa, likhula felemu mbali iyi, likhulanso mbali inayo. Mwini wache angopalasa, nati, "Ifika." Ifikadi lero. Koma gudumu lopotoka lidya tayala, liletsa mabuleki kugwira bwino, ndipo tsiku lina lidzapindika lonse pakati pa njira, thumba liri pa keliyala, ogula atayamba kale kubalalika. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo nchito iyi mukhoza kuichita nokha pa khonde panu.

Mudziwe poyamba chimene chigwira gudumu. Ambiri ayesa kuti masipoko ali ngati mizati yochirikiza denga. Iai. Sipoko ndi kawaya koonda, kamene ndi mwana yemwe akhoza kukapinda ndi manja. Mphamvu yache iri pa kukoka. Masipoko achokera ku mbali ziwiri za habu, ndipo pofika pa limu asinthana, ina ya kumanja, yotsatira ya kumanzere, chomwecho mpaka kuzungulira. Limu ikhala pakati monga mlongoti woimikidwa ndi zingwe za mbali ziwiri. Chingwe cha mbali imodzi chikalefuka, mlongoti upendamira ku mbali imene irikukoka. Kupotoka kwa gudumu ndi komweko: pamalo pena masipoko a mbali imodzi apambana anzao. Njinga zakale za ku England, monga Raleigh ndi Humber, zinali ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, pakuti katundu alemera kumbuyo. Njinga zina zambiri ziri ndi 36. Kulumikiza masipoko mopingasana monga muona lero kunachokera kwa James Starley wa ku Coventry m'chaka cha 1874. Muwerenge anu, muone ngati alipo onse.

Musanagwire sipoko iriyonse, yesani zinthu ziwiri. Gwirani limu ndi dzanja, muikankhire uku ndi uku. Ikagwedera ndi kumveka kuti khokhokho, bvuto liri mu habu, ndipo kumanga masipoko sikudzathandiza. Ayenera kumangidwa ndi makoni a pa ekiselo. Penyaninso ngati chirikuvina ndi limu kapena tayala lokha, pakuti tayala lobvekedwa mokhota, kapena lotupa pamene linang'ambika, linyenga maso.

Tsono gadamitsani njinga pa chiguduli, ikhale pa chishalo ndi mahandulo, kapena muipachike ndi chingwe pa nthambi ya mango. Phwetsani chubu, ndipo ngati gudumu lapotoka kwambiri chotsani tayala lonse. Pa nsonga ya sipoko iriyonse, pamene ilowa mu limu, pali kanati kakang'ono; nchito yonse iri pa tinati timeneti. Kuno ku Mulanje mvula ichuluka, ndipo dzimbiri ligwira msanga, chifukwa chache donthezani mafuta a makina pa kanati kalikonse madzulo, nchito muichite m'mawa mwache. Chotembenuzira chache ndi kiyi wa masipoko, kachitsulo kokhala ndi timipata, kamene mudzakapeza kwa ogulitsa zitsulo za njinga. Sankhani kampata kogwira kanati ndithu, kosagwedera. Pulayazi ine ndiikana. Tinati tambiri ndi ta mkuwa wofewa, ndipo pulayazi idya ngodya zache mpaka kanati kabulungika, kosathekanso kumanga kapena kumasula.

Diso lokha silikwanira. Mangani kamtengo kosongoka pa foloko, kapena pa felemu ngati ndi gudumu la m'mbuyo, ndi mphira ya chubu chakale, nsonga yache iyandikire m'mbali mwa limu koma isakhudze. Zungulitsani gudumu pang'onopang'ono. Pamene limu ikhula kamtengo, lembani ndi khala kapena choko poyambira ndi pothera. Kawirikawiri malo amenewa atenga masipoko anai kapena asanu ndi imodzi.

Apa ndipo pafunika kumvetsa. Tinene kuti kamtengo kali kumanzere, ndipo limu yakhula. Ndiye kuti limu yathawira kumanzere, ndipo muyenera kuibwezera kumanja. Pakati pa zizindikiro zanu ziwiri, mangani masipoko onka ku mbali ya kumanja ya habu, ndipo masulani onka kumanzere ndi muyeso womwewo. Tsatani sipoko ndi chala mpaka pa habu kuti mudziwe mbali yache, musangoyerekeza. Muyeso wache ndi uwu: kiyi asazungulire konse, koma gawo limodzi la magawo anai, ndipo kwa masipoko a m'mphepete mwa zizindikiro muchepetsenso. Mukatero zungulitsani, penyani, fufutani khala lakale, lembaninso. Malo opotoka kopambana ayambe ndiwo. Akachepa, sendezani kamtengo pafupi, mufune otsatira. Pambuyo pache sinthani kamtengo kakhale kumanja, kuti limu isakokedwere mbali imodzi yokha, koma ikhale pakati pa foloko. Munthu wa phuma, amene azungulitsa kiyi kawiri katatu pa sipoko imodzi, achotsa phiri pano nalimanga patsogolo, ndipo dzuwa lilowa gudumu litaipa koposa m'mawa.

Ambiri asokera pa kumanga ndi kumasula. Mukachotsa tayala ndi kupenya kanati kuchokera kunja kwa limu, kamanga monga nati aliyense, monga uyendera mubvi wa wochi. Koma mukapenya kuchokera m'kati, ku mbali ya habu kumene kiyi agwira, zioneka zotembenuka. Mukakaika, funsani khutu. Dodani sipoko ndi chikhadabo monga achita woimba bangwe, tembenuzani kiyi pang'ono, dodaninso. Mau akakwera mwamanga, akatsika mwamasula. Khutu lomwelo lidzakuuzani sipoko yolefuka, pakuti ilira mogontha pakati pa zinzache.

Pali kupotoka kwina, kumene gudumu silipita uku ndi uku koma lidumpha, ngati lapanga dzira. Njinga za mabuleki a ndodo zibvutika nako koposa, chifukwa mphira za buleki zikoka limu cha m'kati mwache, ndipo limu yodumpha igwira, nitaya, nigwiranso potsetsereka. Ikani kamtengo mopingasa, moyandikira mlomo wa limu, tayala litachotsedwa. Pamene limu yakwera, mangani masipoko a mbali zonse ziwiri mofanana. Pamene yatsika, masulani mofanana pang'ono. Mukatha, bwererani kukaona za uku ndi uku.

Musafune kuti gudumu likhale ngati lochokera ku sitolo. Mpata ukamasintha mosafika pa kunenepa kwa kamtengo ka machesi, kwa limu yakale yonyamula katundu, mwatha. Finyani masipoko awiriawiri ndi dzanja kuzungulira gudumu lonse kuti akhazikike, ndipo penyaninso. Sisitani chala m'kati mwa limu: nsonga ya sipoko yotulukira pamwamba pa kanati ibaya chubu, choncho ipaleni ndi tupa, ndi kukuta tinati tonse ndi lamba wodula pa chubu chakale. Pokwera koyamba mudzamva masipoko akulira pang'ono. Musaope, koma mawa lache yesaninso ndi kamtengo.

Sipoko yoduka isinthidwe msanga, pakuti katundu wache agwera zinzache zoyandikana, ndipo ziduka motsatana. Tengani yakale ndi kanati kache popita kukagula, kuti mupeze yautali womwewo, ndipo muilowetse mopingasana monga ziri zinzache. Kuipinda yodukayo ndi kuikulunga pa inzache ndi kwa pa ulendo pokha. Ikaduka kumbuyo ku mbali ya tcheni, giya liyenera kuchoka poyamba, ndipo apo pitani kwa wokonza njinga amene ali ndi chida chache. Pitaninso kwa iye ngati limu yagunda mwala nipindika chitsulo chache. Mudzaizindikira pakuti masipoko a mbali imodzi aumiratu, a mbali inayo alefukiratu, koma limu siibwera. Limu yong'aluka, kapena yodyeka ndi dzimbiri pa zibowo, gulani ina.

Chimene chilefula masipoko kuno ndi katundu ndi maenje. Keliyala ya njinga yolimba ya Buffalo inapangidwira makilogalamu 100, ndiwo matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Njinga wamba musaiyese yoposa imeneyo. Pa mlatho wa mitengo ndi pa mseu wokumbika ndi madzi, tsikani mukankhe, ndipo tayala likhale lopopa bwino kuti mwala usafike pa limu. Nyengo zoyenera kuyesa magudumu ndi ziwiri: mvula itatha, musanayambe kututa chimanga, ndiponso nandolo asanaume.

Ndipo inu nyakwawa, si nyumba iriyonse ifuna kiyi wache. Mudzi usonkhe ugule mmodzi kapena awiri, akhale kwa inu, ndipo mnyamata amene dzanja lache lazolowera aonetse anzache pa bwalo. Mummange kiyiyo pa chingwe chachitali ndi kathabwa, pakuti ndi wamng'ono, ndipo wobwereka akamuika m'thumba la malaya aiwala kubweza.