Eddy wa mu Tekken, amene kale anali waulere, tsopano ngogula padera

M'matauni a m'mbali mwa msewu wa N13, kuyambira ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Massangulo m'boma la Ngauma, makolo ambiri amadziwa kumene anyamata awo amathamangira akaweruka ku sukulu ali ndi kandalama m'thumba. Amakalowa m'tizipinda ta pafupi ndi msika momwe muli wailesi ya kanema, benchi ndi makina a PlayStation, ndipo amalipira kuti asewere. Gemu ya mpira ndiyo imakoka anthu ochuluka, koma pambali pake pali masewera a ndewu, ndipo limodzi mwa mayina odziwika pa masewerawa ndi Tekken.

Eni tizipindati pamodzi ndi makolo amene ana awo akuwavutitsa kuti awagulire makina atsopano ayenera kudziwa kuti malonda a masewerawa anasintha. Kale munthu akagula chimbale ankakhala kuti wagula gemu yonse. Masiku ano chimbale ndi chiyambi chabe, popeza ena mwa omenya amagulitsidwa paokha.

Banja losagwirizana

Tekken inapangidwa ndi kampani ya Namco ya ku Japan, yomwe tsopano imatchedwa Bandai Namco, ndipo inatuluka koyamba m'chaka cha 1994. Nkhani yake ndi ya banja lolemera la a Mishima, momwe bambo ndi mwana sadyera mbale imodzi. Heihachi Mishima anaponya kuphompho mwana wake Kazuya ali ndi zaka zisanu. Mwanayo sanafe, ndipo atakula analowa mpikisano wa ndewu womwe bambo ake anakonza, nawagonjetsa, kenaka n'kuwaponya kuphompho nawonso.

Mu Tekken 2 ya m'chaka cha 1995 nkhalambayo inabwerera n'kuponya Kazuya m'phiri lotulutsa moto. Mu Tekken 3 ya m'chaka cha 1997 munalowa mdzukulu, Jin Kazama, mwana wa Kazuya, yemwe anatengera bambo ake magazi a chiwanda. Mkanganowu unapitirira mpaka mu Tekken 7, yomwe inafika pa makina a m'nyumba m'chaka cha 2017, pamene Kazuya anagonjetsa Heihachi n'kuponya thupi lake m'moto wa phiri. Tekken 8, yomwe inatuluka pa 26 Januwale 2024, ikusimba za Jin akulimbana ndi bambo ake Kazuya, amene wayambitsa nkhondo pa dziko lonse.

Kaseweredwe kake

Chomwe chimachititsa kuti mwana aphunzire Tekken msanga ndi chakuti mabatani ake akulu ndi anayi okha, ndipo batani lililonse likuimira chiwalo chimodzi: dzanja lamanzere, dzanja lamanja, mwendo wamanzere ndi mwendo wamanja. Anthu awiri amasankha omenya awo, ndipo pamwamba pa kanema pamaoneka mzere wa mphamvu wa aliyense. Amene mzere wake wayamba kutha ndiye wagonja m'chigawo chimenecho.

Luso lenileni lili pa kudziteteza. Nkhonya ya pamwamba munthu amaizemba pogwada, ya pakati amaitchinga ataimirira, pamene theche la m'munsi amalitchinga atagwada. Womenya angathenso kupatukira kumbali kuti nkhonya ya mnzake idutse. Akatswiri amaponya mnzawo m'mwamba n'kumamumenya motsatizana asanagwe pansi. Mu Tekken 8 anaonjezamo mphamvu yotchedwa Heat, yomwe wosewera amaiyatsa kamodzi m'chigawo chilichonse, ndipo pa nthawi yochepa imeneyo nkhonya zake zimadya mphamvu ya mnzake ngakhale atatchinga.

Womenya wolankhula Chipwitikizi

Mwa omenya onse, amene ana ongoyamba kumene amamukonda ndi Eddy Gordo wa ku Brazil, yemwe anaoneka koyamba mu Tekken 3. Iye amamenya ngati akuvina, miyendo ili m'mwamba manja ali pansi, ndipo mwana wongodinadina mabatani awiri a miyendo amatha kugwetsa naye mkulu wake. N'chifukwa chake m'malo ambiri osewerera, wopambana ndi Eddy amanenedwa kuti wapambana mwamwayi. M'magemu a posachedwa Eddy amalankhula Chipwitikizi cha ku Brazil, chomwe mwana wa sukulu ku Cuamba angachimve popanda womasulira.

Malinga ndi nkhani ya m'gemumo, Eddy anabadwira m'banja lolemera. Bambo ake ataphedwa, iye anavomera mlandu umene sanapalamule ndipo anakhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu. Kundendeko ndi kumene nkhalamba ina inamuphunzitsa kamenyedwe kotchedwa capoeira.

Capoeira si yopeka ayi. Anaiyambitsa ndi akapolo a ku Africa omwe anatengedwa kupita ku Brazil, makamaka ochokera ku Angola ndi ku Congo. Dziko lino nalo linataya anthu ake pa malonda oipawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, zombo zinkanyamula akapolo ku Ilha de Moçambique ndi ku Quelimane kupita nawo ku Rio de Janeiro, komwe ankawatchula kuti Moçambiques, ndipo ena mwa iwo ankachokera kumtunda kuno, m'madera a Amakua ndi Ayao. Boma la Brazil linaletsa capoeira m'malamulo a m'chaka cha 1890, koma anthu sanaisiye, ndipo m'chaka cha 2014 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi.

Mtengo wa zoonjezera

Mu Tekken 3 Eddy analipo kuyambira pachiyambi, ndipo mu Tekken 7 ya m'nyumba analinso m'chimbale. Koma Tekken 8 itatuluka ndi omenya 32, iye panalibe. Anabwera mu Epulo 2024 ngati choonjezera chogula padera, chomwe amalonda amachitcha DLC. Pambuyo pake anabwera Lidia Sobieska mu Julayi, Heihachi mu Okutobala, ndi Clive Rosfield wochokera m'gemu ina ya Final Fantasy XVI mu Disembala. Heihachi, amene aliyense ankati anafa, anapezeka kuti ali moyo. Nkhani yofotokoza za kupulumuka kwake inaperekedwa mwaulere, koma wofuna kumenya naye momwe wafunira anayenera kulipira.

M'chaka cha 2025 anaonjezanso ena anayi: Anna Williams, Fahkumram, Armor King ndi Miary Zo. Womalizayu ndi mtsikana wa ku Madagascar, kutsidya kwa nyanja yathuyi, ndipo kamenyedwe kake katengedwa ku moraingy, masewera a nkhonya a makolo a pa chilumbapo.

Ku America gemuyi inayamba kugulitsidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 70, ndipo womenya mmodzi woonjezera ndi pafupifupi madola 8. M'chaka cha 2024 dola imodzi inali pafupifupi 64 meticais, kutanthauza kuti gemu yokha inali cha m'ma 4,500 meticais, ndipo Eddy yekha cha m'ma 500 meticais. Munthu wogula omenya asanu ndi atatu onsewa mmodzimmodzi angaononge ndalama zoyandikira mtengo wa gemu yonse, ngakhale kuti wogula mtolo wa chaka amachotseredwako pang'ono. Wosagula amakumanabe ndi omenyawa akamasewera ndi anthu ena pa intaneti, koma iye sangawasankhe.

Osewera a m'mayiko olemera nawo anadandaula. Mu Okutobala 2024 kampaniyi inagulitsa payokha bwalo lomenyerapo lotchedwa Genmaji Temple pa madola pafupifupi 5, ngakhale kwa anthu omwe anali atalipira kale mtolo wa chaka. Mkwiyo unali waukulu moti kampaniyo inapepesa. M'gemumo mulinso sitolo yogulitsa zovala za omenya pa ndalama zenizeni.

Zovuta za kuno kwathu

Kwa munthu wa ku Mandimba kapena ku Ngauma, vuto si mtengo wokha. Choyamba, Tekken 8 siyenda pa makina akale. Imafuna PlayStation 5, Xbox Series kapena kompyuta yamphamvu, ndipo pa kompyuta imadya malo okwana magigabayiti 100. Zokonza ndi zoonjezera zonse zimabwera pa intaneti, ndipo kwa munthu wodalira mamega a Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ndalama yake si yamasewera.

Chachiwiri, sitolo ya pa intaneti ya PlayStation ilibe gawo la Mozambique kapena la Malawi. Nkhaniyi inamveka kwambiri mu Meyi 2024, pamene osewera gemu ina ya Helldivers 2 anadandaula kuti mu Africa muno dziko la South Africa lokha ndilo lili pa mndandanda wa kampani ya Sony. Choncho wofuna kugula Eddy amayenera kulembetsa ngati munthu wa dziko lina ndi kugula makadi a ndalama za dzikolo kwa amalonda, omwe amaikapo phindu lawo. Khadi logulidwira dziko limodzi siligwira ntchito pa akaunti ya dziko lina, ndipo wolakwitsa pamenepa ndalama yake imalowa m'madzi. Zoonjezera nazo zimayenera kugwirizana ndi chigawo cha chimbale, choncho wogula chimbale kutsidya kwa Chiponde kapena ku Nampula afunse kaye kuti chinachokera kuti.

Chachitatu, mwini kachipinda amapeza ndalama yake pang'onopang'ono kuchokera kwa ana, ndipo pa ndalama yomweyo ayenera kugula magetsi a Credelec, kulipira lendi ndi kukonzetsa mabatani omwe amaonongeka msanga. Womenya wa 500 meticais amafuna magemu ambiri kuti abweze ndalama yake. Makina akale a PlayStation 2 kapena PlayStation 3 safuna zonsezi, pakuti Tekken 5 ndi Tekken 6 zili ndi omenya onse m'chimbale, ena amangofuna kuti munthu apambane kuti atsegulidwe.

Luso siligulidwa

Kusewera pa makina akale sikutanthauza kuti mwana watsalira. Arslan Siddique wa ku Lahore m'dziko la Pakistan, wodziwika ndi dzina loti Arslan Ash, anaphunzirira Tekken m'nyumba zosewerera za mumzinda wa kwawo, akulipira gemu iliyonse. M'chaka cha 2019 anavutika ndi ziphaso zoyendera mpaka anafika ku Japan mpikisano wa EVO Japan utatsala pang'ono kuyamba, koma anapambana. Chaka chomwecho anapambananso mpikisano waukulu wa EVO ku Las Vegas, kugonjetsa akatswiri a ku South Korea ndi Japan omwe anthu ankati sangagonje. Anatenganso chikhochi m'zaka za 2023 ndi 2024. Mu Africa muno, Sylvia Gathoni wa ku Kenya, wotchedwa QueenArrow, analembedwa ntchito yosewera Tekken ndi timu ya ku America m'chaka cha 2018.

Makolo adziwenso kuti pa chikuto cha chimbale pamalembedwa zaka za woyenera kusewera. Ku Ulaya Tekken 8 anaiika ya zaka 16 kupita m'tsogolo, pamene Mortal Kombat, yomwe imaonetsa magazi ndi kudulana ziwalo, ndi ya zaka 18. Amene ali ndi makina atsopano kunyumba asasiye nambala za khadi la ku banki m'makinamo, popeza mwana angagule zoonjezera pongodina batani.

Wofuna kulowa malonda amenewa ku Cuamba, Mandimba kapena Massangulo awerengere zonse asanatulutse ndalama: makina, chimbale, intaneti, makadi a kunja ndi omenya ogula padera. Afunsenso wogulitsa ngati Eddy ali m'katimo, chifukwa ana akadzafika ndiye adzayambe kumufunafuna.