Tiziphuphu ta kumaliseche kwa abambo

Mwamuna akaona kotupa kumaliseche kwake posamba, kawirikawiri amangoti zii. Mkazi wake samuuza, mnzake samuuza, usiku n'kumangotembenuka pamphasa. Wina amathamangira kugolosale kukagula makapisozi, wina amapita kwa asing'anga kuti akamudule ndi lumo. Tiyeni tikhale pansi achimwene, tikambirane ngati a m'nyumba imodzi, chifukwa zotupazi zili ndi mayina ake, ndipo zambiri zimachizika.

Inu ndinu mlimi. Mukudziwa kuti mvula yoyamba ikagwa, m'munda mumamera zambiri zomwe simunabzale: bonongwe, chisoso, kapinga, kaufiti. Wopalira wodziwa ntchito amayamba wazindikira chomeracho asanakweze khasu. Khungu la kumaliseche lifunika diso lomwelo.

Tiyambe ndi bonongwe, womera yekha koma wosapha chimanga. Amuna ambiri, makamaka osadulidwa, ali ndi tiziphuphu tating'onoting'ono tondanda m'mizere kuzungulira mphepete mwa mutu wa chida. Timayamba kuoneka mnyamata akatha msinkhu. Sitiwawa, sitiyabwa, sitipatsirana, ndipo madokotala amatitcha pearly penile papules. Palinso timadontho toyera kapena tachikasu pakhungu la chida, tomwe ndi timatumba ta mafuta a khungu tongoonekera kunja. Zonsezi n'zachibadwa. Mnyamata amene akudzizunza mumtima chifukwa cha izi auzidwe kuti sakudwala, azisiye momwemo.

Zina timaziputa tokha pometa pachinena ndi lezala lobuntha. Tsitsi pomeranso limapindikira m'khungu, pamatuluka kaphuphu kofiira kokhala ndi kamutu ka mafinya. Lekani kumeta kwa milungu ingapo, sambani ndi sopo, valani kabudula wamkati wouma, ndipo musafinye.

Mphere zili ngati chisoso chomwe chimakumatirira mongodutsa. Kachilombo kake kamakumba m'khungu ndi kuikira mazira mmenemo. Mudzazidziwa ndi kuyabwa kwa usiku, kuja munthu amadzikanda mpaka kutuluka magazi, ndi tizilonda pakati pa zala ndi m'chiuno. Kwa amuna zimabweretsa totupa tolimba pachida ndi pathumba la machende. Zimafala pokhudzana khungu ndi pofunda bulangete limodzi, choncho mwana, mlendo kapena mnzanu wogona naye chipinda chimodzi akhoza kukupatsirani. Mankhwala opaka, monga benzyl benzoate, apakidwe ndi onse a m'nyumba nthawi imodzi, zofunda ndi zovala zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa.

Tsopano kapinga. Mumamusenga pamwamba, munda n'kuoneka woyera, koma mizu yake ili kuyanga pansi. Njerewere za kumaliseche zimatero. Zimayamba ndi kachilombo ka HPV, makamaka mitundu ya 6 ndi 11, kopatsirana pogonana. Ndi totupa tofewa, tokhakhala pamwamba, nthawi zina tounjikana, ndipo kawirikawiri sitiwawa. Tikhoza kutuluka patapita miyezi yambiri chilowereni kachilomboko, choncho musafulumire kuloza chala mayi a kunyumba. Kudula ndi lumo ndiko ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musayese. Magazi amatuluka, kachilombo kamafalikira pakhungu loyandikana, ndipo lumo lodulira anthu angapo limanyamula HIV ndi matenda a chiwindi. Kuchipatala amapaka mankhwala ngati podophyllin kapena kuziumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, ndipo zikameranso mumabwerera. Mitundu ina ya HPV, monga 16 ndi 18, sionetsa njerewere koma imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, yomwe yatilanda amayi ambiri m'Malawi muno. N'chifukwa chake mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Limbikitsani akazi anu kukayezetsa khomo la chiberekero.

Herpes nayenso ndi wobwererabwerera. Amayamba ndi kunyerenyesa, kenako timatuza ta madzi tounjikana, towawa ngati moto, tomwe timaphulika n'kusanduka tizilonda. Tikapola, kachilombo kamabisala m'mitsempha mpaka tsiku lomwe thupi lafooka. Acyclovir amafupikitsa masiku a ululuwo, ngakhale sachotseratu kachilomboko.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chindoko, kaufiti wa m'thupi. Kaufiti amayamwa muzu wa chimanga ali pansi pa nthaka, mlimi osadziwa kanthu, ndipo pomwe maluwa ake aoneka phesi limakhala litapinimbira kale. Chindoko chimayamba patapita pafupifupi milungu itatu munthu atagonana ndi wodwala. Pamatuluka kotupa kamodzi kamene kamasanduka chilonda chozungulira, cholimba m'mbali, chosawawa konse. Kusawawako ndi kumene kumapusitsa. Pakatha milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi chilondacho chimapola chokha, munthu n'kuyamika makapisozi aja kapena mtsitsi womwe anamwa. Koma tizilombo talowa kale m'magazi. Pambuyo pake pamabwera zidzolo thupi lonse, ngakhale m'zikhatho ndi kumapazi, n'kuzimiriranso. Zaka zikapita chikhoza kugwira mtima, maso ndi ubongo. Mayi woyembekezera akapatsiridwa akhoza kupita padera kapena kubereka mwana wodwala. Chonsecho chikapezeka msanga, jekeseni ya benzathine penicillin imachithetsa, ndipo kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a kuchala.

Nanga muzindikira bwanji nthawi yopita kuchipatala? Kotupa kalikonse katsopano kotuluka mutagonana popanda kondomu, chilonda chowawa kapena chosawawa, matuza, mafinya potaya madzi, kapena kutupa kwa m'mphechepeche komwe timati mabomu, zonsezi zikaonedwe sabata yomweyo. Abambo achikulire asamale ndi chilonda kapena chotupa cholimba cha pansi pa khungu la kunsonga chomwe chakana kupola kwa mwezi, chifukwa khansa ya chida imayamba motero. Chotupa cha mkati mwa chende lenilenilo nachonso chisachedwe kuonedwa.

M'zipatala za boma chithandizo cha matenda opatsirana pogonana n'chaulere. Dokotala adzafuna kuona malowo, ndipo wawona amuna ambiri inu musanabwere. Adzakupemphani kuyezetsa HIV, pakuti chilonda cha kumaliseche chimatsegulira kachilomboko khomo. Adzakupatsaninso kapepala kokapereka kwa amene mumagona naye kuti nayenso alandire mankhwala. Kaperekeni ndithu, ndipo dikiranani mpaka nonse mutamaliza mankhwala ndi zilonda zitapola.