Namwino Aphunzira Osachoka Pakati Pathu

Kwathu kuno ku Vubwi, boma limene linapatulidwa ku Chadiza m'chaka cha 2012, munthu wodwala mwakayakaya amayamba wafika m'manja mwa namwino. Zipatala zazikulu zili kutali: ku Chipata, kapena ku St Francis ku Katete, chimene Aanglikani anatsegula mu 1948 ndipo lero akuchiyendetsa pamodzi ndi ife Akatolika. Kuti wodwala akafike kumeneko ali moyo, zimadalira nzeru za namwino pa ola loyamba lija.

Kale namwino wofuna kuzama pa ntchito yake ankasiya kiliniki n'kukakhala ku Lusaka miyezi yambirimbiri. Masiku ano ena mwa maphunzirowa amampeza pa foni kudzera pa intaneti. Akaweruka, amaphunzira kuzindikira msanga zizindikiro zoopsa: mwana wa pakati pa chaka 1 ndi zaka 5 amene akupuma ka 40 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, mayi wotaya magazi atangochira, munthu amene malungo amkomola.

Komatu foni siphunzitsa manja. Kupeza mtsempha wa khanda lofooka kumafuna mphunzitsi woima pambali, ndipo netiweki ikasowa phunziro limaimanso. Tiyenera kukumbutsa aphungu athu zinthu ziwirizi.

Nafenso, abale ndi alongo, tili ndi mbali yathu. Namwino ngakhale aphunzire chotani sangathandize wodwala amene tamgoneka m'nyumba masiku atatu. M'miphakati mwathu tigwirizaniretu za njinga yonyamulira odwala, matenda asanagogode pakhomo.