Chifukwa Chake Wotchi Imanama

Wotchi ya pakhoma yokhala ndi kachitsulo kolendewera imayenda molingana ndi kutalika kwa kachitsuloko. Mu June ndi July, ku Chikangawa kukazizira, kachitsulo kamafupika ndipo wotchi imathamanga. Kukatentha mu October, monga ku boma la Mzimba, kamatalika, wotchi nichedwa. Koma kumeneku ndi kulakwa kwa masekondi ochepa chabe. Mdani weniweni ndiye fumbi ndi utsi, pakuti zimalimbitsa mafuta a m'kati. Ya batire nayo imachedwa batire likafooka.

Mphindi 2 tsiku lililonse zimakwana ola lathunthu pamwezi, ndipo basi ya ku Mzuzu siidikira munthu, ngakhale mfumu. Linganizani wotchi yanu ndi wailesi Lamlungu lililonse. Musathiremo mafuta ophikira ai.